Tikumbe mpaka pati kuti tiupeze moto wa pansi pa nthaka?

Amene anatungako madzi pa mjigo m'mamawa mwezi wa Juni akudziwa zimene ndikunena. Kunja kuli chisanu, manja achita dzanzi pa chitsulo chopopera, koma madzi otuluka m'paipi ndi ofunda, nthawi zina mpaka kanthunzi kumaoneka pamwamba pa ndowa. Mukabwerera pa mjigo womwewo masana a mu Okotobala, madziwo mumawamva kuzizira. Si madzi amene asintha. Pansi pa mamita 10 kapena 15, nthaka sidziwa zoti kunja kuli chilimwe kapena dzinja. Imangokhala chimodzimodzi chaka chonse, pakati pa kuzizira kwa Juni ndi kutentha kwa Okotobala. Mijigo yathu yambiri imafika mamita 30 mpaka 60, ndiye madzi ake amachokera kumene nyengo sifikako.

Nkhani ya mphamvu ya kutentha kwa pansi pa nthaka imayambira pamenepo, ndipo funso limene anthu amathamangira kufunsa ndi lakuti tikumbe mamita angati. Funsoli lilibe yankho limodzi. Pali wina amakumba mamita 2 n'kupeza zimene amafuna, wina amakumba makilomita 6 n'kubwerako chimanjamanja. Muyenera kuyamba mwadziwa kuti mukufuna madigiri angati, mukufuna kuchita nawo chiyani, ndiponso mwaima pa nthaka yotani.

Wongofuna kufunditsa nyumba

M'mayiko ozizira monga Sweden, Germany ndi Switzerland, mabanja ambiri amatenthetsa nyumba zawo ndi nthaka yosatentha n'komwe, ya madigiri 8 kapena 10 basi. Chinsinsi chili pa makina otchedwa heat pump, amene amagwira ntchito ngati firiji. Mukagwira kumbuyo kwa firiji mumamva kufunda. Kufunda kumeneko ndi kutentha kumene makina achotsa m'kati n'kukutayira kunja. Heat pump imachita zomwezo, kungoti nthaka ndiyo ikuziziritsidwa, ndipo nyumba yakhala ngati kumbuyo kwa firiji kuja. Magetsi a yuniti imodzi amabweretsa m'nyumba kutentha kwa mayuniti 3 kapena 4.

Wokhala ndi malo aakulu amangokumba ngalande za mita imodzi kapena 2, n'kuyalamo mapaipi a pulasitiki mamita mazanamazana, n'kukwirira. Wa malo ochepa amaboola dzenje lolunjika pansi ngati la mjigo, kawirikawiri la mamita 50 mpaka 200, n'kulowetsamo paipi yopita pansi ndi kubwereranso. Satunga madzi a m'nthaka. Madzi omwe ali m'paipimo ndiwo amangozungulira, kutola kutentha pansi, kukatula m'nyumba.

Kuzama kwa dzenje lotere amakuwerengera ngati mmene mlimi amawerengera kukula kwa munda. Mita iliyonse ya dzenje imapereka pafupifupi mawati 50 ngati mwalawo uli wabwino. Nyumba yofuna makilowati 8 pa tsiku lozizira kwambiri imatenga 2 ku magetsi, 6 ku nthaka. Gawani mawati 6,000 ndi 50, mupeza mamita 120. Mchenga wouma supatsirana kutentha msanga, ndiye pamenepo mamita amachuluka. Mwala wolimba wonyowa umawachepetsa. Apa munthu sakumba mozama kuti akafike potentha. Akungofuna paipi yaitali yokhudzana ndi nthaka yambiri, n'chifukwa chake maenje awiri a mamita 60 atha kugwira ntchito yofanana ndi limodzi la 120, bola atalikirane. Wochepetsa mamita pofuna kusunga ndalama amayamwa kutentha mofulumira kuposa mmene nthaka ingabwezeretsere, ndipo pakapita zaka dothi lozungulira paipi limaundana ngati ayezi, bilu ya magetsi n'kukwera.

Ku Germany kuli maenje ambiri olekezera pa mamita 99. Chifukwa chake si cha miyala: ukapitirira mamita 100 uyenera kudziwitsa ofesi yoona za migodi, ndipo anthu amathawa mapepala.

Kusazama sikutanthauza kuti palibe ngozi. Mu 2007, m'tauni ya Staufen ku Germany komweko, anaboola maenje a mamita pafupifupi 140 kuti atenthetse nyumba ya khonsolo. Anapyoza mwala wotchedwa anhydrite, madzi a pansi n'kulowamo. Mwala umenewu ukanyowa umafufuma. Nthaka ya pakati pa tauni inayamba kukwera pang'onopang'ono ndipo nyumba zoposa 200 zinang'aluka makoma.

Masamu a kilomita iliyonse

Mukapitirira pamene dzuwa limalekezera, kutentha kumene mukukumana nako n'kwa dziko lenilenilo. Kwina n'kotsala pa nthawi imene dziko linkapangika, kwina kumachokera ku uranium, thorium ndi potassium zimene zili m'miyala ndipo zimatulutsa kutentha pang'onopang'ono. Pakatikati pa dziko, makilomita oposa 6,000 pansi pa mapazi athu, kutentha kumapitirira madigiri 5,000. Ife timangokanda pakhungu. M'malo ambiri kilomita iliyonse imawonjezera madigiri 25 mpaka 30.

Tiyeni tiyese. Pamwamba pali madigiri 22, ndipo kilomita ikuwonjezera 30. Kuti mupeze madigiri 80 mukumba pafupifupi makilomita 2. Kuti mupeze 150, amene ndi abwino kupangira magetsi, mudutsa makilomita 4. Koma pamalo pamene kilomita imawonjezera madigiri 100, monga pafupi ndi mapiri ophulika moto, 150 yomweyo muipeza musanafike kilomita ndi theka.

Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba masamu amenewa anawaphunzira ndi thukuta. Mgodi wa golide wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, umafika pafupifupi makilomita 4, ndipo mwala wa pansipo umatentha kupitirira madigiri 60, moti amatsitsirako ayezi kuti anthu athe kugwira ntchito. Kwa munthu wogwira fosholo ndi ng'anjo imeneyo. Kwa wofuna magetsi, madigiri 60 pa makilomita 4 ndi umphawi, chifukwa miyala ya kumeneko ndi yakale kwambiri ndipo inazizira kalekale.

Dzenje lozama kuposa onse molunjika pansi lili ku Kola, kumpoto kwa Russia. Anayamba kuboola mu 1970, ndipo mu 1989 anafika mamita 12,262. Pansi pake anapeza madigiri pafupifupi 180. Tsopano yerekezani ndi Krafla ku Iceland. Mu 2009 akatswiri ankafuna kufika makilomita 4.5, koma pa makilomita 2.1 okha chitsulo choboolera chinalowa m'chiphalaphala chenicheni, mwala wosungunuka wa madigiri pafupifupi 900. A ku Kola anavutika zaka 19 n'kupeza 180. A ku Krafla anagwera m'moto asanafike theka la ulendo. Mamita paokha sakuuzani kanthu mpaka mutanena kuti mamitawo ndi a kuti.

Madzi otentha a mzinda wonse

Pakati pa dzenje la pakhomo ndi la magetsi pali gulu lina limene silitchuka, chonsecho ndi limene lathandiza anthu ambiri. Pansi pa mzinda wa Paris, pa mamita 1,500 mpaka 2,000, pali mwala wa laimu wotchedwa Dogger, wodzaza madzi a madigiri 55 mpaka 85. Kuyambira mu 1969, pamene anayamba ku Melun, akhala akuwakoka kutenthetsera nyumba zikwizikwi. Amakumba maenje awiri. Lina limatulutsa madzi otentha, kutentha kwake n'kupatsira madzi oyera oyenda m'mapaipi a m'tauni. Linalo limabwezera pansi madzi aja atazizira. Pamwamba maenjewo amayandikana, koma pansi amapatukana kupitirira kilomita, kuti madzi ozizira asafike msanga pamene akutungapo otentha. Kubwezako n'kofunika pawiri: madziwo ndi amchere kwambiri, sangatayidwe mumtsinje, komanso mukamangotunga osabweza mphamvu yokankha madzi pansipo imafooka.

Ku Munich, m'dziko la Germany, mwala wosunga madzi unapendekeka, ukunka nuzama mukamalowera kum'mwera ku mapiri a Alps. Pa Unterhaching, kum'mwera kwa mzindawo, anaupeza pa makilomita oposa 3, madzi ake a madigiri pafupifupi 120. Kumpoto kwa mzinda womwewo mwalawo uli pafupi ndipo madzi ake ndi ofundirapo chabe. Wokumba sasankha yekha kuzama. Amatsata pamene pagona mwala wa madzi. Ku Iceland nkhani n'njosavuta: nyumba 9 mwa 10 zilizonse zimatenthetsedwa ndi madzi a pansi.

Magetsi

Mu 1904, ku Larderello m'dziko la Italy, Piero Ginori Conti anayatsa mababu ochepa ndi nthunzi yochokera m'nthaka, ndipo mu 1913 malo omwewo anayamba kupanga magetsi ogulitsa. Kuno ku Africa mphunzitsi wathu ndi Kenya. Pa Olkaria, pafupi ndi nyanja ya Naivasha, makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1981, ndipo lero magetsi a m'nthaka amaposa magawo 40 pa 100 a magetsi onse opangidwa m'dzikolo. Maenje ambiri kumeneko ndi a makilomita 2 mpaka 3, ndipo ena amafika potentha kupitirira madigiri 300.

Wina afunsa kuti madzi angakhale bwanji madzi pa madigiri 300 pamene m'poto amawira pa 100. Madzi amawira mochedwa akapanikizidwa. Pansi pa kilomita imodzi, kulemera kwa madzi onse a pamwamba kumawatsendereza moti amafika pafupifupi madigiri 300 osawira. Dzenje likawatsegulira njira, amakwera, kupanikizika kumachepa, ena n'kusanduka nthunzi ali m'njira. Amatuluka ndi mkokomo ngati wa ndege. Pamwamba amalekanitsa nthunzi ndi madzi. Nthunzi imakapukusa turbine, makina ozungulira opangira magetsi, madzi amabwezedwa pansi. Njira imeneyi imafuna madigiri 180 kapena kuposa.

Madzi akakhala osatentha kufika pamenepo pali njira ina. Amawadutsitsa pafupi ndi mankhwala amadzimadzi owira msanga, monga pentane kapena isobutane, ndipo nthunzi ya mankhwalawo ndiyo imapukusa makina. Ndi njira imeneyi madigiri 120 mpaka 150 amakwana. Ku Chena, m'chigawo cha Alaska ku America, akhala akupanga magetsi kuyambira 2006 ndi madzi a madigiri 74 okha, koma musatengeke nazo: kumeneko ali ndi madzi ozizira kwambiri oziziritsira makina, ndipo makina otere amadya kusiyana kwa kotentha ndi kozizira. Madigiri 74 omwewo mukawaika ku Chikwawa mu Novembala, magetsi otuluka sangalipire ndi mapampu omwe.

Mafuwa atatu

Poto sakhala pa fuwa limodzi. Kuti dzenje libale, pafunika kutentha, pafunika madzi, ndiponso pafunika ming'alu kapena timipata m'mwala momwe madziwo angayendemo. Kutentha kokha ndiye kuli paliponse, bola mukumbe. Mafuwa awiri enawo ndi amene amasowa, ndipo vuto lake n'lakuti mukamazama, kulemera kwa miyala ya pamwamba kumatseka timipata tija. Fuwa lina likamakula, linzake likuchepa.

Ku Espoo, m'dziko la Finland, kampani ya St1 inaboola mpaka mamita 6,400 mu 2018. Kutentha anakupeza, madigiri pafupifupi 120. Koma mwalawo unali wogwirana kwambiri, madzi sankayenda mokwanira pakati pa maenje awiriwo, ndipo ntchitoyo inalekeka.

Maganizo ong'amba mwala mwadala anayambira ku Fenton Hill, m'chigawo cha New Mexico ku America, m'zaka za m'ma 1970: kupopera madzi mwamphamvu mpaka mwala wotentha utsegule ming'alu, kenako kumazunguliza madzi m'menemo. Ku Soultz-sous-Forêts ku France anafika makilomita 5 ndi madigiri 200, ndipo magetsi amapangidwa ngakhale ndi ochepa. Koma kupopera madzi m'mwala wa pansi ndi kuputa ming'alu yogona. Ku Basel m'dziko la Switzerland, mu Disembala 2006, kunachitika chivomezi cha mphamvu ya 3.4 ndipo ntchito inathera pomwepo. Ku Pohang, m'dziko la South Korea, chivomezi cha 5.4 cha mu Novembala 2017 chinavulaza anthu ndi kuwononga nyumba zambiri, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti chinayambitsidwa ndi madzi opoperedwa m'maenje a makilomita oposa 4.

Chimene chandisangalatsa zaka zino n'chakuti ena asiya kupikisana pa kuzama. Kampani ya Fervo, ku Nevada m'dziko la America, inabwereka luso la okumba mafuta: kutsika makilomita oposa 2 pang'ono, kenako kukhotetsa chitsulo n'kumayenda chopingasa pafupifupi kilomita m'mwala wa madigiri 190. Mu 2023 anaonetsa kuti maenje awiri otere atha kupereka mamegawati 3.5. M'malo mofunafuna mwala wotentha kwambiri, anakulitsa malo amene madzi amakhudzana ndi mwala wotentha mokwanira.

Alipobe olota za pansi kwambiri. Madzi akapitirira madigiri 374 ali opanikizidwa kwambiri, sakhalanso madzi kapena nthunzi, ndipo amanyamula mphamvu yochuluka kangapo. Ku Reykjanes, ku Iceland, mu 2017 anafika mamita 4,659 n'kuyeza madigiri 427. Koma mapaipi a m'dzenjemo anawonongeka. Kufika kumeneko tinafika. Kukhalitsako ndiye zitsulo ndi simenti zathu sizinathe.

Mtengo wa kilomita yomaliza

Kilomita yachinayi simtengo umodzi ndi yoyamba. Taganizirani mano a chitsulo choboolera atatha pa mamita 4,000. Kuti muwasinthe muyenera kuzula mapaipi onse. Paipi imodzi ndi ya mamita pafupifupi 9, ndipo amazimasula zitatuzitatu, kutanthauza kukweza, kumasula ndi kuimika pambali maulendo pafupifupi 150, kenako kubwezanso zonse momwemo. Tsiku latha, dzenje silinazame ndi chala chomwe, koma makina obwereka ndi antchito akulipidwa. M'mwala wolimba ngati granite mano amatha msanga, ndiye ulendo umenewu umabwerezedwa kawirikawiri.

Dzenje lenilenilo limanka lichepa. Gawo lililonse amalivala paipi yachitsulo n'kuthira simenti kumbuyo kwake, ndipo gawo lotsatira liyenera kudutsa m'kati mwa paipiyo. Kuti pansi pakhale mpata wa masentimita 20 ndi pang'ono, pamwamba muyenera kuyamba ndi dzenje loposa theka la mita. Kuzama kukawonjezeka, pamwamba pakulanso, makina akulanso. Zipangizo zamagetsi zoyezera ndi kuwongolera chitsulo zimayamba kufa madigiri akayandikira 200. Dzenje limodzi la magetsi limadya mamiliyoni angapo a madola, ndipo ndalama zimenezi zimatuluka musanadziwe ngati mupeza madzi. Ichi n'chifukwa chake boma la Kenya linakhazikitsa Geothermal Development Company mu 2008, kuti boma lisenze chiopsezo cha maenje oyamba amene amalonda amawaopa.

Nanga kwathu kuno?

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, chomwechonso muli Olkaria. Akasupe a madzi otentha tili nawo: Chiweta ku Rumphi, kumene madzi amatuluka otentha kupitirira madigiri 70, Mawira ku Nkhotakota, ena ku Karonga, ku Nkhata Bay ndi ku Liwonde. Mphepo ya Ana itawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, aliyense anaona kuipa kodalira mtsinje umodzi wa Shire. Ndiye n'zomveka kuti anthu amati, a ku Kenya akutha, ife tikulephera chiyani?

Chigwa n'chimodzi koma nthambi zake n'zosiyana. Ya ku Kenya ili ndi chiphalaphala pafupi ndi pamwamba. Gawo lathu la ku Malawi lilibe mapiri a moto. Apafupi ali ku Rungwe, kutsidya kwa malire ku Tanzania. Akasupe athu amatentha mwa njira ina. Mvula yogwa kumapiri imalowa m'ming'alu, imatsika makilomita angapo, imatenthedwa ndi masamu aja a madigiri pa kilomita, kenako imapeza mng'alu waukulu n'kukwera mofulumira isanazizire. Ming'alu imeneyi ndi yomwe inagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu Disembala 2009. Choncho woyembekezera madigiri 300 a ku Olkaria pa Chiweta adzakhumudwa. Chimene tingayembekezere ndi madzi otentha mwapakatikati, oyenera makina a mankhwala owira msanga aja, a mamegawati ochepa pamalo pamodzi.

A ku Zambia anayesapo. M'zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi dziko la Italy, anaika timakina totere pa kasupe wa Kapisya, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, pa maenje osazama. Magetsi ake sanafike kwa anthu.

Kwa ine, kuthamangira magetsi okha n'kuiwala zimene zili pafupi. Madzi a madigiri 70 kapena 90 atha kuumitsa usipa nthawi ya mvula, kuumitsa mpunga, chinangwa ndi zipatso, kapena kuchepetsa nkhuni zimene zimapita m'mabalani a fodya. Ku Naivasha, famu ya maluwa ya Oserian inayamba kufunditsa mashedi ake ndi dzenje la nthunzi. Ntchito zotere sizifuna makilomita 3. Pamalo oyenera mamita mazana angapo atha kukwana. Ndipo ku Nsanje, kumene vuto ndi kutentha osati chisanu, dzenje losazama lija ligwira ntchito chobwerera: kuchotsa kutentha m'chipinda n'kukakutaya m'nthaka.

Pa kasupe ngati wa Chiweta, ntchito siyambira pa makina oboolera. Amayamba atunga madzi m'mabotolo. Madzi otentha amasungunula silica, sodium ndi potassium molingana ndi kutentha kumene anakumana nako pansi, ndiye ngakhale atuluke atazizirako, kuchuluka kwa mcherewu kumaulula madigiri a kumene achokera. Kenako amayala mawaya pamtunda kuyeza mmene nthaka ikudutsitsira magetsi, popeza madzi otentha amchere ndi dongo lophikidwa ndi kutentha zimadutsitsa magetsi mosavuta kuposa mwala wouma. Zikatero amaboola timaenje topyapyala ta mamita mazana angapo, n'kutsitsamo choyezera kutentha kuti aone madigiri enieni pa mita iliyonse.

Ndipo dzenje lalikulu likamadzakumbidwa, silidzakhala pa kasupe penipeni pamene amayi amachapira. Ming'alu ya m'chigwa chathu siimirira chilili, imapendekeka. Ngati mng'alu wapendekeka ndi ngodya ya madigiri 60 ndipo mukufuna kukumana nawo pa kilomita imodzi pansi, pamene madzi sanasakanikirane ndi ozizira a pamwamba, makina muyenera kuwaimika mamita pafupifupi 580 kuchokera pamene mng'aluwo watulukira, mbali imene wapendekera. Mukaima mbali inayo, mudzaboola kilomita yonse m'mwala wouma, madzi otentha akudutsa kumbuyo kwanu.